Madzi Amene Mama Matangaro Anataya

Chaka chimene mdzukulu wawo Ngamata anabadwa, Mama Matangaro ankadzuka kunja kusanayere bwino, nkhuku zikadali m'mitengo. Ankakoleza moto wa zigoba za kokonati kuseri kwa nyumba, n'kutereka ketulo, ndipo podikira kuti madzi afunde ankakhala pa chitsa n'kumapemphera kolona chapansipansi. Nthawi imeneyo mpongozi wawo Tepaeru ankakhala atapita kale kukaphika buledi ku sitolo, mwana wawo Nooroa akadali mtulo. Choncho ntchito yosambitsa khanda inali ya agogo.

Madzi akafunda ankawayesa ndi chigongono, n'kuthira m'beseni loyera lomwe linali litayamba kusupuka m'mphepete. Kolona ankaisiya panja pa chitsa pomwepo, kuti pemphero lisawatsatire ku beseni. Ankayamba ndi mapazi a mwanayo, kenako miyendo, pamimba, kumsana, akumuimbira ndi kumuseka kuti ali ndi mphuno ya agogo ake aamuna. Mutu unkakhala womaliza. Akafika pamutu nyimbo inkatha. Ankaluma mlomo, n'kutunga madzi ndi chikhatho, n'kuthira pa liwombo la mwanayo ali duu, mpaka atamupukuta ndi kumudzoza mafuta. Pamenepo m'pamene ankapumira m'mwamba.

Ankachita zimenezi chifukwa pa chilumba chonse cha Mauke panalibe munthu amene ankadziwa bwino kuposa iwo kuti ubatizo sulira zambiri. Ku Chikatolika, imfa ikayandikira, munthu aliyense angathe kubatiza: madzi pang'ono pamutu, ndi mawu ochepa oti munthu angawanene asanapumenso mpweya wina. Madziwo ankakhala nawo m'manja m'mawa uliwonse. Mawuwo ankakhala kunsonga ya lilime. Ndipo Ngamata anabadwa ndi vuto la mtima. Madokotala a ku chilumba chachikulu cha Rarotonga anati adikire kuti anenepeko kaye asanamutumize ku Auckland, ku New Zealand, kukachitidwa opaleshoni. Akalira kwambiri milomo yake inkada.

Koma Mama Matangaro anali atalumbira.

Nooroa anakulira m'Chikatolika, ankatumikira pa Misa ali mwana. Atakonda Tepaeru, mwana wa mkulu wa mpingo wa Sabata, anasiya nkhumba ndi nkhanu, n'kukabatizidwanso m'nyanja pa doko, thupi lonse kumira. Mayi ake anaonerera ali patali, pansi pa mtengo, ndipo kwa nthawi yaitali ankati akakumbukira ankamva ngati wina wanena kuti madzi amene iwo anamunyamulirako ali khanda anali otsukira mbale. Sanakangane naye. Anali munthu wosachuluka mawu, ndiponso Nooroa ndiye yekha mwa ana awo amene sanathawire ku New Zealand.

Tsiku limene anabwera nalo khandalo kuchokera ku chipatala cha ku Rarotonga, Nooroa anadikira kuti alendo achoke, n'kukhala moyang'anizana ndi mayi ake.

"Mama, botolo lija lili kuti?"

"Botolo lanji?"

"Musandiyese mwana. Chilumba chonse chikulidziwa botolo lanu."

"Lili pamene limakhala."

"Mwana uyu alibe tchimo, Mama. Sanabe, sananame. Akadzakula adzasankha yekha, adzalowa m'madzi ndi miyendo yake. Ngati Mulungu amutenga asanakule, agona, basi, ngati mmene akugonera apamu. Yesu akadzabwera adzamudzutsa."

"Nanga tchimo limene tonse timabadwa nalo?"

"Limenelo Yesu analipira kale. Silichoka ndi madzi a m'botolo la mankhwala a chifuwa." Anaima kaye, poona kuti mawuwo alasa. Kenako anatsitsa mawu. "Tepaeru akuopa kukusiyirani mwana. Bambo ake akuti tisamukire kwawo. Ine ndakana, ndati mayi anga akalonjeza salakwira. Ndiye lumbirani pa mtanda wanuwo, poti ndi umene mumauopa, kuti simudzamubatiza. Mukadzachita mobisa, tidzachoka, ndipo simudzamugwiranso."

Mama Matangaro anayang'ana khandalo nthawi yaitali. Kenako anaimirira, n'kugwira phazi la mtanda umene unali pakhoma, nalumbira. Nooroa anatambasula dzanja kuti amupatse botolo, koma iwo anapukusa mutu.

"Ndakupatsa mawu anga. Botolo ndi langa."

Botolo limenelo linali ndi mbiri yake. Mama Matangaro anakwatiwa ali mtsikana ndi Papa Teokotai, msodzi wachikatolika ngati iwo, ndipo mimba yoyamba inawapeza mwamunayo ali panyanja. Masiku amenewo amayi ankachirira kunyumba. Amene anawathandiza anali azakhali awo a ku tchalitchi chachikulu cha makolo, chimene amishonale oyamba anasiya, ndipo iwo za ubatizo wadzidzidzi sankazidziwa. Kamnyamata kanabadwa, kanalira kamodzi, kanapuma pang'ono pachifuwa cha azakhaliwo, n'kusiya. Mayi ake anali atakomoka. Pamene ankatsitsimuka anapeza atakakulunga kale. Pambali pa mkeka panali chidebe chodzaza madzi.

Wansembe wa nthawi imeneyo, mzungu wokalamba amene ankawakonda anthu ndithu, anawafotokozera mofatsa. Anati mwanayo sali kumoto, sakumva ululu uliwonse. Ali ku malo otchedwa Limbo, kumene kulibe kulira, koma kulibenso nkhope ya Mulungu. Atafunsa ngati iwo akadzafika kumwamba adzamupeza, wansembeyo anayang'ana pansi. Kamnyamatako anakaika kunja kwa mpanda wa miyala wa manda a Akatolika, pansi pa mtengo wa maluwa oyera. Chaka ndi chaka pa Turama, tsiku limene Akatolika amakongoletsa manda ndi maluwa n'kuyatsa makandulo dzuwa likamalowa, wansembe ankawaza madzi odalitsidwa pa manda onse a m'kati mwa mpanda. Mama Matangaro ankadikira kuti anthu ayambe kubalalika, n'kuzungulira kuseri ndi kandulo yawo imodzi, n'kukaimba nyimbo yogonetsera mwana.

Kuyambira pamenepo, mayi aliyense wa m'mudzi akayamba kumva zowawa, Mama Matangaro ankafika osaitanidwa, kabotolo kamadzi kali m'thumba la diresi. Ankathandiza kutereka madzi, kuchapa nsalu, kugwira mutu wa wodwala. Mwana akabadwa wamphamvu, botolo silinkatuluka. Akabadwa wofooka, ankangomubatiza, osafunsa kuti makolo ake ndi a mpingo uti. Ena anawathokoza. Ena anawathamangitsa pakhomo. Amuna a ku Sabata ankachita nthabwala kuti ukamuona Matangaro akubwera, bisa mwana, bisanso mphaka. Pamene boma linayamba kutumiza amayi oyembekezera ku Rarotonga, ntchito ya botolo inatha, ndipo linakakhala pa shelefu kuseri kwa chithunzi cha Maria. Ankangolisintha madzi.

Tsopano mwana wofooka anali m'nyumba mwawo momwe, magazi awo, ndipo manja anali omangidwa.

Amene anaona kuti Mama Matangaro akuwonda anali Mama Tungane, mnzawo wa ku ubwana, mkazi wa dikoni wa ku tchalitchi chachikulu. Awiriwa ankapitira limodzi ku miyala yakuthwa ya m'tchire kukathyola maire, masamba onunkhira amene amalukira nkhata zovala m'khosi, n'kumakaluka pakhonde kuti zikwere ndege ya ku Rarotonga.

"Mnzanga, watsala mafupa okhaokha," anatero Mama Tungane tsiku lina, akusenda tsinde ndi mano. "Kodi akukumana chakudya a Sabata akowo? Bwera kwathu, ndikubisira mwendo wa nkhumba."

"Ndikudya."

"Ukudya chiyani, kabichi? Tandiuza, ukamasambitsa kamwanako Nooroa amakhala ali pomwepo?"

"Amakhala akuliza mkonono."

"Ndiye vuto lili pati? Madzi uli nawo, pakamwa uli napo. Khandalo likakunenera kwa ndani?"

"Ndinalumbira, Tungane."

"Ukalapa. Si mmene mumachitira inu? Kuchimwa Lachisanu, kuchapa Loweruka, Lamulungu mwayera mbee."

"Nanga inu mumachapa liti? Mumangovala zipewa zoyera pamwamba pa litsiro."

Mama Tungane anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anapukuta maso n'kunena mwachifatse. "Koma ine sindikuona chimene ukudziphera. Nafenso timabatiza makanda, koma madziwo ndi chizindikiro chabe, ngati dzina lolembedwa pa bwato. Bwato likakhala lopanda dzina, mwini wake amaliiwala? Kamwana kaja n'ka Mulungu kale."

"Nanga tchimo la Adamu?"

"Kanadya chipatso chanji kameneko? Mano omwe kalibe."

"Iwe umanena choncho chifukwa ako onse anakula."

Mama Tungane analuka nkhata ina yonse, kenako anati, "Ndiye kabatize."

"Akadzadziwa andilanda."

"Ndiye kasiye."

"Kakafa?"

"Aaa, iwe Matangaro, ukufuna ndinene chiyani?"

Sankafuna kuti anene kanthu. Ankangofuna kuti munthu wina aone kuti msewu unali wotsekeka mbali zonse ziwiri.

Wansembe sankakhala pa chilumba masiku amenewo. Ankabwera mwa apo ndi apo, mnyamata wa ku Philippines wokonda kuseka. Atabwera, Mama Matangaro anamudikira panja Misa itatha n'kumufotokozera zonse, kuyambira pa kamnyamata ka kuseri kwa mpanda. Wansembeyo anati asabatize mwana makolo ake akukana, pokhapokha imfa itafika pakhomo penipeni. Kenako anawagwira dzanja.

"Mama, za Limbo zija musazisunge mumtima. Mpingo tsopano ukunena kuti tili ndi zifukwa zabwino zoyembekezera kuti ana otere Mulungu amawalandira."

"Kuyembekezera, Bambo, kapena kudziwa?"

"Kuyembekezera."

"Ndege nayo timaiyembekezera. Masiku ena siibwera."

Anabwerera kunyumba mtima uli wolemera kuposa mmene anapitira. Moyo wawo wonse anauzidwa kuti chitseko n'chotseka. Tsopano ankauzidwa kuti mwina chinali chotsegula. Mdzukulu wawo sakanamugoneka pa mawu akuti mwina.

Tsiku limene ankaliopa linafika m'nyengo ya mphepo zamkuntho. Kunacha mvula ikuwomba cham'mbali, nthambi za kokonati zili mbwee pabwalo, mafoni atafa. Tepaeru anapitabe ku sitolo, poti anthu akatsekeredwa m'nyumba ndi pamene amafuna buledi. Mama Matangaro anafunditsa madzi m'khitchini n'kuika beseni pansi pafupi ndi chitseko. Anasambitsa mapazi, miyendo, pamimba. Asanafike kumutu, lata lina linang'ambika padenga la oyandikana nawo ndi phokoso lalikulu, ndipo Ngamata anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Analira, analira, kenako kulirako kunachepa ngati wailesi ikutha batire. Milomo inada, zikhadabo zinada, mutu unagwera kumbuyo.

"Nooroa! Nooroa!"

Anamutulutsa m'madzi, n'kumupinda mawondo kufika pachifuwa monga namwino anawaphunzitsira. Nooroa anatulukira ali ndi kabudula yekha, anaona, n'kuthamangira kiyi wa njinga yamoto. Namwino ankakhala kumudzi wina, ndipo ndiye anali ndi galimoto ndi botolo la mpweya. Kunyamula mwana wotere pa njinga m'mvula imeneyo kunali kumupha.

Nooroa anafika pachitseko, n'kuima.

"Pita!"

Sanapite. Ankayang'ana beseni. Kenako anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ananso beseni, madzi akugwedezeka m'menemo pafupi ndi bondo lawo.

"Ukudikira chiyani? Mwana akupita uyu!"

"Mama..." anatero Nooroa. "Mama, munalumbira."

Apo m'pamene anamvetsa. Mwana wawo ankawadziwa bwino. Ankadziwa kuti ola limene iwo analidikira moyo wawo wonse ndi lomweli, kuti ngakhale wansembe akanawalola, ndipo miyendo yake inkakana kumuchotsa pakhomopo. Ankaopa kuti akabwera adzapeza mwana wake atamuchita chinthu chimene iye ankakhulupirira kuti n'kunyoza Mulungu. Ndipo mphindi iliyonse imene ankaima pamenepo inkachoka pa moyo wa Ngamata.

Mama Matangaro anatambasula mwendo n'kukankha beseni ndi mphamvu zonse. Linagubuduzika kutuluka pachitseko, madzi n'kukhuthukira pa mapazi a Nooroa. Ananyamuka, mwana ali pachifuwa, n'kugwetsa ketulo ndi dzanja limodzi, n'kukankhanso chidebe cha madzi. Kenako anafika pa shelefu, anapisa kuseri kwa chithunzi cha Maria, n'kumuponyera kabotolo kaja.

"Tenga! Pita nalo! Ndatsala ndi chiyani tsopano? Thamanga!"

Nooroa anawakha botololo, n'kuthamangira m'mvula.

Phokoso la njinga litazimiririka, m'nyumbamo munatsala mphepo, ndi kupuma kwa mwana kokhala ngati kulipo ngati kulibe. Ndiyeno Mama Matangaro anamva kaphokoso kena. Denga linkadontha pakona, pamene linkadontha chaka chilichonse, ndipo dzulo lake iwo omwe anali atatcherapo poto. Do. Do. Do. Potoyo inali itafika pakati.

Anaiyang'ana. Inali pa mtunda wa mapazi ochepa chabe. Anaganiza za chidebe chija chimene chinali pambali pa mkeka tsiku limene kamnyamata kawo kanapita, chodzaza, popanda woviikamo dzanja. Anaganiza kuti kuswa lumbiro ndi tchimo loti munthu akhoza kulapa, pamene mwana akapita wapita. Mawu aja anakwera okha kukhosi: Ngamata, ine ndikukubatiza... Anawamva akugunda kumano.

Koma Nooroa anali pamsewu, akuzemba mitengo yakugwa, chifukwa chakuti anawakhulupirira. Mwanayu akapulumuka lero, zimenezi zidzachitikanso mawa kapena mwezi wamawa. Ndipo tsiku limenelo, bambo ake akadzakhala kuti anapezapo tsitsi lonyowa, adzaimanso pachitseko, kapena mwanayo adzakhala kwina, m'manja mwa munthu wosadziwa kupinda mawondo. Sanadziwe ngati ankasankha bwino. Ankangoona kuti akagwira mzimu wa mwanayo ataya moyo wake, akagwira moyo ataya mzimu, ndipo moyowo ndi umene unali m'manja mwawo, wofunda.

Anafulatira poto uja. Anakhala pansi moyang'ana khoma, anakanikiza timawondo pachifuwa, n'kuyamba kuimba nyimbo yogonetsera mwana, yomwe ija ya kuseri kwa mpanda, mokweza kuti asamve kudontha.

Galimoto ya namwino itafika, mwanayo anali akupumabe. Namwino anamuveka chopumira kumaso, ndipo pang'onopang'ono milomo inayamba kubwerera. Nooroa anagwada pambali, madzi akuchucha m'thupi lonse. Anapukuta dzanja lake pa nsalu, n'kulisanjika pamutu pa mwanayo. Akanatha kukhala kuti akungomusisita. Koma mayi ake anaona zala zake zikufufuza m'tsitsi, pa liwombo, kuseri kwa makutu. Tsitsilo linali louma. Nooroa sanawayang'ane.

Ndege sinathe kutera tsiku limenelo. Anagona ku kachipatala, ndipo m'mawa mwake mphepo itayamba kutsika, apongozi awiriwo anakhala pa benchi pakhonde, maso ali kumwamba. Tepaeru anali akadali ndi ufa m'zikhadabo. Chikwatiwire, sanakhalepo awiriwiri nthawi yaitali chotero.

"Nooroa wandiuza za beseni," anatero Tepaeru. "Zikomo, Mama."

"Usandithokoze. Sindikudziwa chimene ndachita."

"Mwasunga mawu anu."

"Ndasunga mawu. Mwana ndiye sindikudziwa." Anapotokola kolona m'manja. "Mwana wanga, ndikufunse. Madzi pang'ono okha, akupwetekani chiyani? Ngati inu mukulondola, ndi madzi chabe, auma. Ngati ndikulondola ndine..."

Tepaeru anayankha mofatsa. Sanali munthu wamwano.

"Mama, ndikavomera, ndiye kuti ndavomera kuti Mulungu angathe kutaya mwana wanga chifukwa cha kapu ya madzi. Ine ndikukwera naye ndege uyu, kukam'pereka kwa anthu oti akam'tsegule chifuwa. Ndilibe china chogwira koma Mulungu. Ndikayamba kuganiza kuti ndi Mulungu wotero, ndigwira chiyani?"

"Ndiye wanga ali kuti?"

Linali funso limene sanamufunsepo munthu wa mpingo wina. Tepaeru anatembenuka n'kuwayang'ana.

"Ali pomwe munamuika, Mama. Pansi pa mtengo paja. Akugona. Sali ku malo amdima, sakusowa kanthu, sakudziwa n'komwe kuti padutsa zaka. Lipenga likadzalira, angelo adzamunyamula n'kudzam'pereka m'manja mwanu, ali khanda momwe analili. Mudzamulera."

Mama Matangaro anamva ngati pansi pasuntha. Palibe wansembe amene anawalonjezapo zimenezo. Kwa kanthawi anaziona ndithu: kulemera kwa kamnyamatako pamkono, kamutu kofunda. Anatsala pang'ono kutambasula manja.

Kenako anafunsa, "Ukuti sakudziwa kanthu?"

"Akufa sadziwa kanthu."

"Ndiye nyimbo zonse ndakhala ndikumuimbira zija, sanamve?"

Tepaeru anayang'ana pansi.

"Nanga malemu Papa Teokotai? Misa zimene ndawaperekera, makolona onsewa ndikuwapempherera kuti atsukidwe msanga akalowe, zonsezo zinkapita kuti?"

"Mulungu ankamva, Mama. Koma iwo akugona."

Mama Matangaro anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Chikhulupiriro cha mpongozi wawo chinkawabwezera mwana, koma chinkawalanda zaka zonse zimene anakhala akulankhula naye, ndi mwamuna amene m'mawa uliwonse ankamva kuti akumuthandiza. Chawo chinkawasiyira zonsezo, koma mwanayo chinkamusiya kunja kwa mpanda ndi mawu akuti mwina. Sanathe kusiya chimodzi kuti atole chinzake.

"Tonse tikumufunira zabwino kamwanaka," anatero pomaliza.

"Ndikudziwa, Mama."

"N'chifukwa chake zikupweteka."

Ndege inatera chakumasana. Malo analipo a mwana, makolo ake ndi namwino basi. Pa bwalo la ndege panadzaza anthu. Bambo ake a Tepaeru anasonkhanitsa a Sabata n'kupemphera mokweza, Mama Tungane anabwera ndi nkhata za maire n'kuveka aliyense, akulira ndi kukalipira woyendetsa ndege kuti ayende bwino ngati akufuna kudzadyanso nsomba za kuno. Mama Matangaro anapsompsona mdzukulu wawo pamphumi, milomo ili youma. Kenako anakoka Nooroa pa mkono n'kupita naye pambali, kuseri kwa ngolo ya katundu, n'kumuuza zimene anali atakonza usiku wonse. Nooroa anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa nsapato zake. Anatsegula pakamwa, koma wina anamuitana dzina kuchokera ku ndege. Anawakumbatira mwamphamvu mpaka kuwapweteka nthiti, n'kupita.

Kuchokera ku Rarotonga anawatumiza ku Auckland. Opaleshoni yoyamba inayenda bwino. Madokotala akuti patsala ina, yaikulu kuposa yoyambayo, mwanayo akakulako, ndipo sakufuna kuti akhale kutali ndi chipatala. Nooroa anapeza ntchito yoyendetsa galimoto za katundu, Tepaeru akuphika buledi m'fakitale. Ngamata akuyenda tsopano, ndipo pa foni amatha kunena kuti "Mama" kenako n'kuthawa.

Mama Matangaro akukhala okha m'nyumba ija. Amadzukabe kunja kusanayere, amakoleza moto, amatereka ketulo yodzaza ngakhale kuti tiyi wa munthu mmodzi salira madzi ambiri chotero. Beseni analitola pabwalo mphepo itatha, lili lopindika m'mbali, ndipo amasungiramo masamba a maire. Kuseri kwa chithunzi cha Maria kulibe kanthu. Botolo lija Nooroa sanabweze. Kaya analitaya m'tchire m'mawa uja, kaya linapita naye m'thumba la jekete, iwo sadziwa. Pa Turama amayatsa kandulo kwa Papa Teokotai m'kati mwa mpanda, kenako amazungulira kuseri. Amaimbabe, ngakhale kuti masiku ano nthawi zina amaima pakati pa nyimbo n'kumvetsera.

Nooroa amaimba foni Lamulungu lililonse madzulo. Amanena za kuzizira, za mtengo wa nyumba, za mankhwala a Ngamata, za tsiku limene madokotala akuganizira. Amafunsa ngati denga likudonthabe. Mayi ake amayankha zonse, n'kudikira pang'ono asanatsanzike, kuti mwina lero ayankha zimene anamupempha pa bwalo la ndege. Sanam'kumbutsepo, ndipo Mama Tungane akawakalipira kuti angomufunsa, amati anapempha kamodzi ndipo mwanayo anamva.

Zimene anamuuza kuseri kwa ngolo ya katundu zinali izi: "Ine ndasunga mawu anga, waona wekha. Tsopano ukupita naye kumene manja anga safika. Sindikuti usinthe mpingo, sindikuti ukhulupirire. Koma tsiku lina adokotala akadzatuluka n'kukuuza kuti palibenso chochita, usadzaitane wansembe, usadzauze munthu. Madzi alionse, ngakhale a pampopi. Mawu ukuwadziwa, unkawamva uli mwana. Udzam'thire ndiwe, bambo ake. Udzandichitira zimenezo, Nooroa?"